Masekondi 4.7 a ku Houston

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani ife okhala kuno ku America timasokonekera mitu ndi basketball ya ana a m'makoleji mwezi wa Malichi ukakwana, chonsecho akatswiri enieni ali ku NBA, komanso ngati pali gemu ina imene mpaka lero sinatichoke m'maso. Ine mundipirire, nditalikitsa, chifukwa mwandikumbutsa usiku wa Lolemba pa 4 Epulo 2016, pamene timu ya yunivesite ya Villanova inakumana ndi ya North Carolina mu fainolo ku Houston, ndipo za usiku umenewo sindingazithe m'mizere iwiri.

Ndiyambe ndi mpikisanowo. Umatchedwa March Madness, ndipo amauyendetsa a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji. Mu 2016 analowa matimu 68, ndipo pakatha masabata atatu pamatsala imodzi. Ku NBA ikafika ndime yachipulula, matimu awiri amatha kukumana mpaka kasanu ndi kawiri, ndiye ukagonja lero udzakonza mkucha. Kuno wagonja kamodzi, longedza, basi ikudikira panja. Onjezerani apo kuti mwana wasukulu amakhala ndi zaka zinayi zokha zosewera. Mnyamata wa chaka chomaliza akamalowa m'bwalo amadziwa kuti mphindi 40 zimenezi zikhoza kukhala zotsiriza kuvala yunifolomu imeneyo, ndipo ambiri mwa iwo NBA sadzapondako n'komwe. Akachoka apo akukasaka ntchito ngati ine ndi inu. N'chifukwa chake mumaona zimphona zotalika kuposa chitseko zitadziphimba ndi thawulo pa benchi, zikusisima.

Ine sindinaphunzire ku Villanova. Timuyi ndinaidziwira kuntchito. Nditangofika kuno ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo kumadzulo kwa mzinda wa Philadelphia, ndipo sitima imene ndinkakwera imadutsa pasukulupo. Ndi yunivesite ya Akatolika, ya ansembe a chipani cha Augustino Woyera, komwenso Papa Leo XIV anaphunzira masamu n'kumaliza mu 1977. Mmodzi mwa agogo amene ndinkawasamalira anaphunzira pomwepo kalekale. Miyendo inali itawakana, za dzulo ankaiwala, koma ukangotchula 1985 nkhope inkawala. Pakhoma la pabalaza anapachika nyuzipepala ya chaka chimenecho, itachita chikasu mu fulemu.

Nkhani ya 1985 anandiuza kambirimbiri mpaka ndinailoweza. Pa 1 Epulo chaka chimenecho, ku Lexington, Villanova inakumana ndi Georgetown mu fainolo. Georgetown ndiyo inali ndi chikho cha chaka chapitacho, inali ndi katswiri woopsa Patrick Ewing, ndipo inali itagonjetsa kale Villanova kawiri sizoni yomweyo. Villanova inalowa mumpikisano ili pa nambala 8 m'chigawo chake, timu imene palibe ankaiwerengera. Usiku umenewo anyamatawo anaponya ka 28, ka 22 mpira unalowa. Chigawo chachiwiri chonse anaphonya kamodzi kokha. Anapambana 66-64, ndipo mpaka lero palibe timu yoyambira pansi chotero imene yatenganso chikhochi. Agogo akafika apa ankandigwira dzanja n'kunena kuti sakufuna kufa asanaonenso zimenezo.

Ndiye ndinayamba kuonera nawo, poyamba ngati mbali ya ntchito, kenako nanenso ndinakodwa. Ndipo tinavutika, achimwene. Mu 2014 Villanova inalowa ili yamphamvu koma inatuluka pa gemu yachiwiri, Connecticut ndiyo inatithamangitsa. Mu 2015 tinalowa tili pa nambala 1, tinagwanso pa gemu yachiwiri yomweyo, ulendo uno kwa NC State, 71-68. Anthu anayamba kunena kuti kochi Jay Wright amadziwa kutchena suti basi, Malichi samutha. Usiku wa NC State uja agogo anakana chakudya.

Sizoni ya 2016 inayambanso ndi mbama. Mu Disembala 2015, ku Pearl Harbor, Oklahoma inatikwapula 78-55. Musaiwale nambala zimenezo, chifukwa matimu omwewa anakumananso mu semifainolo ku Houston, ndipo Villanova inabweza ngongole ndi chiwongoladzanja chomwe: 95-51. Kusiyana kwa mapointi 44 kunali kusanachitikepo pa ndime imeneyi. Buddy Hield wa Oklahoma, mnyamata wa ku Bahamas amene ankaopedwa ndi aliyense chaka chimenecho, anangopeza mapointi 9. Koma gemu imene inandiuza kuti chaka chino n'china inali ya m'mbuyo mwake, ndi Kansas, timu imene ambiri ankati itenga chikho. Inali nkhondo yolimbirana mpira pansi, mawondo kusupuka, ndipo tinaitenga 64-59.

Fainolo inali ndi North Carolina ya kochi Roy Williams, sukulu ya Michael Jordan, ndipo Jordan mwini wake anali m'gulu la oonerera. Anthu oposa 74,000 anadzaza NRG Stadium. M'gulu lomwelo munalinso Rollie Massimino, kochi wa Villanova ya 1985 ija, atakalamba ndithu. Kamera itamuonetsa, agogo anamulozera ngati aona m'bale wawo. Tsiku limenelo shifiti yanga inatha madzulo, koma ndinapempha ana awo kuti nditsale. Ndinawakhazika pa mpando wawo, bulangete m'miyendo, ine pansi pa kapeti pafupi nawo.

Chigawo choyamba North Carolina inatsogola 39-34, ndipo zikanaipa kuposa apo pakanapanda Phil Booth, mnyamata wochokera pa benchi, amene anagoletsa belu lopumulira likulira. Booth usiku umenewo anapeza mapointi 20, kuposa mnzake aliyense wa Villanova, koma lero ndi ochepa amene amamutchula. Chigawo chachiwiri tinabwerera, tinadutsa, mpaka kutatsala mphindi zisanu ndi pang'ono tinali patsogolo 67-57. Ine ndinayamba kale kuombera m'manja. Agogo anandiuza kuti ndikhale pansi, gemu sinathe. Ankadziwa. Marcus Paige wa North Carolina, nayenso wa chaka chomaliza, anakana kupita kwawo chimanjamanja. Mapointi khumi aja anasungunuka tikuona. Kutatsala masekondi 13, Josh Hart wa Villanova anagoletsa ma free throw awiri (mipira yoponya popanda wokutchinga mdani akakulakwira), 74-71.

Apa ndiye zinafika pa mwana wakana phala. Mpira unapita kwa Paige kutali ndi mzere wa mapointi atatu. Daniel Ochefu wa Villanova anadziponya pansi kuti aulande, anauphonya. Paige analumpha, Ryan Arcidiacono wathu analumpha naye kuti amutchinge, ndiye Paige ali m'malere anabweza mpira pachifuwa, miyendo ili balala, n'kuukankha akugwa kale. Mpira woterewu sulowa. Unalowa. 74-74, kwatsala masekondi 4.7. Masapota a North Carolina anaponya m'mwamba timakushoni ta pamipando, Jordan manja m'mwamba. M'nyumba mwathu munali zii. Ndinayang'ana agogo, ndinaona milomo ikunjenjemera, ndipo ndinachita mantha kuti mtima wawo supirira mphindi zina zisanu zowonjezera.

Jay Wright anaitana taimu auti. Pobwerera m'bwalo panachitika kanthu kamene ine ndimakakonda kuposa zonse. Ochefu, mwana wa bambo wa ku Nigeria amene anakhalako ku Lagos ali wamng'ono, anaona kuti pansi panyowa ndi thukuta. Analanda chokolopera kwa kamnyamata kogwira ntchitoyo n'kuyamba kukolopa yekha, mosafulumira, dziko lonse likumudikira. Ankadziwa kuti pamalo pamenepo ndi pamene akaime kutchinga mdani kuti mnzake adutse, ndipo sankafuna wina aterereke. Munthu wa chaka chomaliza, masekondi ake omaliza, ali ndi chokolopera m'manja.

Kris Jenkins ndiye anaponyera mpira m'bwalo, kupatsa Arcidiacono. Tsono mumvetse kuti Arcidiacono anali ndani. Anakulira ku Langhorne, kufupi ndi Philadelphia komweko. Bambo ndi mayi ake onse anaphunzira ku Villanova. Anali kaputeni kuyambira chaka chake choyamba, ndipo manyazi a 2014 ndi 2015 anawasenza iyeyo. Ngati panali munthu woyenera kuponya mpira womaliza n'kulowa m'mbiri, anali iyeyo, ndipo akanaphonya palibe akanamudzudzula. Anathamanga nawo, anadutsa pamene Ochefu anaima, adani awiri anamutsekera njira. Kumbuyo kwake Jenkins, amene palibe anamulondola atangoponya mpira uja, ankabwera akukuwa dzina lake lachidule, "Arch! Arch!" Ndipo anamva. M'phokoso la anthu 74,000, mtima ukugunda, dzina lake likumuitana kutsogolo, anamva mawu a mnzake kumbuyo. Anatembenuka pang'ono, anamupatsira mofewa ngati akupereka dzira, kenako anapita kukaima kutsogolo kwa adani aja.

Jenkins analandira, anaponda bwino, anaponya. Belu linalira mpira uli m'mwamba. 77-74.

Kamera inagwira Jay Wright ataima pambali, nkhope ili phee, akungonena kamawu kamodzi, "Bang", n'kutembenuka kukapereka moni kwa Roy Williams. Ine sindinali phee. Ndinakuwa mpaka galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Kwanuko n'kuti kukucha, tambala atalira kale, ndipo ndinaimbira mng'ono wanga ku Zomba amene sankadziwa ngakhale kuti Villanova n'chiyani. Nditatembenuka ndinapeza agogo akulira mwakachetechete, misozi ili chuchuchu. Chimene ananena si za Jenkins ayi. Ankangobwereza kuti mwana uja wapatsira, mwana uja wapatsira. Zaka 31 anadikira.

Pali mbali ina imene ndinaidziwa bwino pambuyo pake, ndipo ife a kumudzi tingaimve msanga kuposa azungu. Jenkins anakulira m'nyumba ya eni. Ali mwana, mayi ake anamupereka kwa banja la a Britt ku Maryland kuti amulere, ndipo anakula limodzi ndi mwana wa m'nyumbamo, Nate Britt, ngati mapasa. Usiku wa fainolo Nate Britt ankasewerera North Carolina. Makolo aja anakhala m'bwalomo akudziwa kuti mwana wawo mmodzi apita kunyumba akuseka, wina akulira. Chaka chotsatira North Carolina inabwereranso mu fainolo n'kugonjetsa Gonzaga 71-65, ndipo Jenkins anakhala kumbuyo kwa benchi yawo kuchemerera m'bale wake. Koma Marcus Paige n'kuti atamaliza sukulu. Iye amandimvetsa chisoni mpaka lero. Anagoletsa mpira wovuta kuposa wa Jenkins, ndipo ulemerero wake unakhala masekondi 4.7.

Mukandifunsa chimene ndimasowa, ndi chimenechi: anyamata aja tinkawadziwa. Arcidiacono ndi Ochefu tinawaona akubwera ali ana, akugwa, akunyozedwa, zaka zinayi zathunthu. Jalen Brunson ndi Mikal Bridges, amene inu a NBA munadzawadziwa bwino ali ku New York Knicks pamodzi ndi Josh Hart, nthawi imeneyo anali achichepere, akudikira nthawi yawo popanda kunyinyirika. Jenkins yemwe, mwini mpira uja, sanasewereko gemu ya ligi ya NBA. Kupatsira kuja sikunabwere mwangozi. Seweroli ankaliyeserera kawirikawiri pokonzekera magemu, ndipo munthu umamva mawu a mnzako m'phokoso ngati wakhala naye nthawi yaitali.

Kuyambira 2021 malamulo anasintha. Osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'mayina awo, ndipo kusamukira sukulu ina kunaphweka. Sindikuwachitira nsanje ana amenewa. Kwa zaka zambiri masukulu ndi ma TV ankadyerera thukuta lawo iwo osaona kanthu, ndipo zimenezo zinali zolakwika. Koma sindinganame, zimandiwawa kuti ukangoyamba kuloweza dzina la mnyamata, chaka chamawa wavala yunifolomu ina. Jay Wright naye anapuma mu 2022.

Villanova inatenganso chikho mu 2018, kugonjetsa Michigan 79-62, Donte DiVincenzo atachoka pa benchi n'kugoletsa mapointi 31. Timu imeneyo inali yamphamvu kuposa ya 2016, palibe gemu ya mpikisanowo imene inatidetsa nkhawa mpaka kumapeto. Ndinasangalala, koma ndinaonera ndekha. Massimino anamwalira mu Ogasiti 2017, ndipo agogo anga aja anatsatira miyezi ingapo pambuyo pake. Ana awo pochotsa katundu m'nyumba anandiitana n'kundipatsa mafulemu awiri, nyuzipepala ya 1985 ndi ya 2016 imene ndinakawagulira ndekha m'mawa wa Lachiwiri lija.

Kanema wa masekondi amenewa ali pa YouTube, bandulo yake siyochuluka. Koyamba muonere mmene aliyense amaonera, maso pa mpira. Kachiwiri muyambire kumbuyo pang'ono, pamene Ochefu akukolopa, ndipo mpira ukachoka m'manja mwa Arcidiacono, amene wavala nambala 15, musautsatire. Muyang'ane kumene iye akupita. Mukatero mudzandiuze pano zimene mwaona, achimwene.