Ndinapenta ndi Kuika Matailosi M'nyumba ya Lendi Osapempha: Kodi Mwininyumba Angandichite Chiyani?

Mmodzi mwa owerenga, mayi amene akukhala m'nyumba ya lendi, anditumizira funso pa imelo. Atakhala m'nyumbamo kwa zaka zingapo, anapenta pabalaza penti yobiriwira kwambiri, anakhoma mashelefu kukhitchini ndiponso anaika matailosi kubafa, zonsezi ndi ndalama zawo koma osauza mwininyumba. Mwininyumbayo ataona zimenezi anapsa mtima, ndipo wanena kuti dipoziti sabweza komanso kuti mayiwa atuluke mwezi ukatha. Mayiwa akufunsa ngati mwininyumbayo ali ndi mphamvu yochita zimenezo, ndiponso ngati sangamuuze kuti awabwezere ndalama zawo, popeza nyumbayo yakongola kuposa kale.

Amayi, ndiyambe ndi mbali imene simungaikonde. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma pafupifupi kulikonse maziko ake ndi amodzi: lendi imene mumalipira imakupatsani ufulu wokhala m'nyumbamo mwamtendere, koma makoma, pansi, denga ndi mapaipi zimakhalabe za mwini wake, ndipo muyenera kudzabweza nyumbayo monga mmene munaipezera, kupatula kutha kumene kumabwera chifukwa chongokhalamo. Choncho munafunika kupempha. Komabe kulakwa kwanuko sikukupatsa mwininyumba ufulu wochita chilichonse chimene mtima wake wafuna.

Musanayankhe aliyense, werengani mgwirizano umene munasaina. Migwirizano ina imaletseratu kusintha chilichonse, ina imati mungasinthe pokhapokha mwininyumba atavomera polemba, ndipo ina siitchula n'komwe nkhaniyi. Kusiyanaku n'kofunika. Ku England, mwachitsanzo, lamulo la 1927 limati ngati mgwirizano ukufuna chilolezo cha mwininyumba pa ntchito yotukula nyumba, iye sayenera kukana popanda chifukwa chomveka, ngakhale kuti angafune kuti mulonjeze kudzabwezeretsa zinthu mwakale potuluka. Koma onani kuti chitetezo choterechi chimathandiza munthu amene anapempha n'kukanizidwa, osati amene sanapemphe. Ngati mgwirizano wanu unali wapakamwa, udindo wosamala nyumba ya mwini ulipobe, kungoti umboni wa zimene munagwirizana umavuta kupeza.

Ntchito zitatu zimene munachita si zofanana, ndipo ndikukulangizani kuti musalole kuti ziikidwe m'thumba limodzi. Lamulo la ku France la 1989 limasiyanitsa bwino zinthuzi: mwininyumba sangaletse wochita lendi kukonza m'nyumba mmene akufunira malinga ngati sakusintha kamangidwe kake, koma kusintha kwenikweni kumafuna chilolezo cholembedwa. Kupenta kumakhala kumbali yopepuka, chifukwa khoma lingapentedwenso. Vuto limabwera ndi mtundu wa penti. Mu 2013 khoti lalikulu la ku Germany, Bundesgerichtshof, linagamula kuti wochita lendi amene analandira nyumba yopentedwa zoyera n'kuibweza ili ndi makoma ofiira, achikasu ndi abuluu ayenera kulipira, chifukwa mitundu yotero imavutitsa mwininyumba kupeza munthu wina woti alowemo. Ineyo ndimaona kuti chigamulo chimenechi n'chachilungamo, pakuti munthu angakongoletse mmene akufunira pa nthawi imene akukhalamo, koma asasiyire mnzake mtolo wofufuta zokonda zakezo. Penti yakuda kapena yowala kwambiri imafuna kuti mmisiri apake kangapo isanabisike, ndipo ndalama imeneyo ndi yeniyeni.

Za mashelefu sindichedwapo. Amachotsedwa, mabowo amamatidwa, ndipo ngati simunaboole paipi kapena waya wa magetsi, nkhani yatha.

Matailosi ndiwo ali ndi nkhani. Pali mfundo yakale kwambiri ya malamulo, yochokera ku malamulo a Aroma, yakuti chinthu chimene chamatidwa panyumba moti sichingachoke popanda kuwononga chimasanduka mbali ya nyumbayo, ndipo mwini wake ndi mwininyumba. Makatani, galasi lopachika ndi kapeti yoyala n'zanu ndipo mudzanyamula, koma matailosi omata ndi simenti simungawagumule potuluka n'kusiya bafa lili zigamba. Apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likuyankhidwira. Kawirikawiri munthu sangakakamize mwininyumba kulipira ntchito imene iye sanaipemphe ndiponso sanaivomere, ngakhale itakweza mtengo wa nyumba. Ndikudziwa kuti zimenezi zikupweteka mukakumbukira ndalama zimene munawononga, koma taganizirani mbali inayo: zikanakhala zololedwa, wochita lendi aliyense akanatha kumanga chimene wafuna n'kutumiza bilu kwa munthu amene sanakonzekere. Mungapemphe kuti akuganizireni, ndipo eni nyumba ena amavomera ngati ntchito inagwiridwa bwino, koma limenelo ndi pempho, si ngongole. Chinanso, ngati mmisiri wanu sanatseke bwino moti madzi akulowa pansi pa matailosi, chimene inu mukuchitcha chitukuko chidzawerengedwa ngati chiwonongeko.

Tsopano dipoziti. Dipoziti si chindapusa cholangira munthu amene wakwiyitsa mwininyumba. Ndi ndalama zanu zimene iye akungosunga, ndipo angachotsepo zokhazo zimene watayadi: lendi yosalipidwa, kapena mtengo wobwezeretsa nyumba mwakale. Kunena kuti sabweza kalikonse asanawerengere mtengo wa ntchito n'kulumpha malire. Pali mfundo inanso imene ambiri saidziwa. Mwininyumba sayenera kupeza chatsopano m'malo mwa chakale pa ndalama zanu. Ngati penti imene munaipeza inali kale yosuwa, ndipo mwakhalamo zaka zingapo, nthawi yopentanso inali itayandikira ngakhale mukanapanda kukhudza khoma, choncho chilungamo n'chakuti mulipire gawo lowonjezera limene mtundu wanu wabweretsa, osati ntchito yonse. Mayiko ena analemba zimenezi momveka. Ku South Africa, lamulo la nyumba za lendi la 1999 limafuna kuti awiriwa ayendere nyumba limodzi polowa ndi potuluka, kuti dipoziti isungidwe ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndiponso kuti wochita lendi athe kuona malisiti a zimene zachotsedwa. Mwininyumba akapanda kuyendera potuluka, amaonedwa ngati wavomereza kuti nyumba ili bwino. Ku England, kuyambira 2007, dipoziti ya nyumba zambiri za lendi imatetezedwa ndi mabungwe ovomerezeka ndi boma, amene amaweruzanso pakabuka mkangano. Kaya kwanu kuli dongosolo lotere kapena ayi, muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti chilichonse chochotsedwa chilembedwe ndi kusonyezedwa ndi lisiti.

Kutulutsidwa m'nyumba ndi nkhani ina payokha. Kuphwanya mgwirizano kungakhale chifukwa chothetsera lendi, ndipo ngati mumalipira mwezi ndi mwezi popanda nthawi yoikika, m'malo ambiri mwininyumba angathetse mgwirizanowo pongopereka notisi yokwanira. Koma notisi iyenera kutsata zimene mgwirizano ndi lamulo zikunena, ndipo m'mayiko ambiri munthu amene wakana kutuluka amachotsedwa ndi chilolezo cha khoti basi. Kusintha maloko, kudula madzi ndi magetsi kapena kutaya katundu panja si njira zovomerezeka. Nanunso musayerekeze kuleka kulipira lendi pofuna kudzibwezera ndalama za matailosi, chifukwa mukatero mwapatsa mwininyumba mlandu wosavuta kuwina kuposa umene ali nawo panopa.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Jambulani zipinda zonse mmene zilili lero, fufuzani zithunzi zakale zosonyeza mmene munazipezera, ndipo sonkhanitsani malisiti a zipangizo ndi a mmisiri. Kenako lemberani mwininyumba kalata yaulemu yovomereza kuti munafunika kupempha, ndipo mumupatse zosankha: kuti pabalaza mudzapenta mtundu wakale ndi ndalama zanu musanatuluke, kuti mashelefu mudzachotsa kapena kusiya malinga ndi kufuna kwake, ndiponso kuti abwere ndi mmisiri wake adzaone matailosi, ndipo akakhutira alembe kuti wawalandira ndipo sadzachotsa kanthu pa dipoziti chifukwa cha iwo. Mupemphenso kuti nkhani yotuluka ailembe ndi kutchula ndime ya mgwirizano imene akuimirapo. Akakana zonsezi, tengani mgwirizanowo, kalatayo ndi zithunzizo mupite nazo kwa loya, ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo, kapena ku bwalo loona mikangano ya nyumba za lendi ngati kwanu lilipo, ndipo muchite zimenezi mwezi usanathe.