Chifuwa chili m'mapapo, nanga chimbudzi cha mwana akuchifuniranji?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wa zaka 3 wakhala akutsokomola pafupifupi mwezi, thupi limatentha madzulo komanso kusikelo sakukwera. Agogo ake omwe timakhala nawo nyumba imodzi anawapeza ndi TB chaka chatha. Kuchipatala anatiuza tibweretse chimbudzi cha mwanayo akayeze pa makina, zotsatira zinatuluka zoti alibe koma akuti ayambe mankhwala basi. Chifuwa amayeza ndi chimbudzi eti? Nanga mankhwalawo ndi a chani poti sanamupeze nacho? Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Pepani amayi ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kufunsa.

Makinawo ndi a GeneXpert. Kale timangodalira maikulosikopu, wa ku labu kuyang'ana makhololo ndi maso kusaka tizilombo, ndiye tikakhala tochepa samationa. A GeneXpert-wa amasaka DNA (chizindikiro cha chibadwa) ya kachilombo ka TB nkuichulukitsa mpaka ioneke, mkati mwa maola awiri zotsatira zatuluka, komanso amanena ngati kachilomboko kakumva rifampicin kapena ayi, amene ndi mankhwala odalirika kwambiri pa TB. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010, ndipo mu 2013 linati ana nawonso aziyezedwa nawo.

Za chimbudzizo musadabwe. Mwana wa zaka 3 sadziwa kulavula makhololo, akatsokomola amangomeza, ndiye tizilombo tochokera m'mapapo timatsikira m'mimba nkutuluka ndi chimbudzi. Njira ina ndi yolowetsa kachubu m'mphuno mpaka m'mimba m'mamawa mwana asanadye kanthu nkupopa zomwe wameza usiku, ndipo mayi amene anagwirirapo mwana akulira akupalapata pochitidwa zimenezi angakuuzeni kuti kachimbudzi pang'ono m'kabotolo ndi chifundo chachikulu.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Makina akati sanapeze sikuti mwana alibe TB ayi. Ana amadwala ndi tizilombo tochepa kwambiri kusiyana ndi akuluakulu, moti ambiri odwaladi makina sawagwira. N'chifukwa chake adokotala samangoyang'ana kapepala ka ku labu, amaphatikiza zonse, chifuwa chopitirira masabata awiri, sikelo yomwe yaima m'buku lake, X-ray ngati ilipo, ndi agogo aja omwe amapuma nawo mpweya umodzi m'nyumba. Pa zomwe mwafotokozazi ine ndili mbali ya adokotalawo. Kwa ana aang'ono TB ikachedwa imatha kufalikira mpaka ku ubongo, nde kudikira kuti makina avomere kaye nkoopsa.

Muyambitseni mankhwalawo, m'zipatala za boma ndi aulere. A ana amasungunuka m'madzi pang'ono pa kapu. Nthawi zambiri ndi miyezi 6, ngakhale mu 2022 WHO inati ana omwe TB yawo si yayikulu atha kumwa miyezi 4, zimenezo anene ndi adokotala osati inu kusiya nokha mwana akayamba kusewera. Mkodzo ukafiira musaope, ndi rifampicin yemweyo. Koma maso akachita chikasu kapena akamasanza kwambiri thamangani naye kuchipatala.

Muvomerenso amuyeze HIV ngati sanayezedwe, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana ena osakwana zaka 5 apite nawo limodzi ngakhale akuoneka abwinobwino, alipo mankhwala owateteza.