Kodi ntchito yofufuza umboni wa m'makompyuta ilipo kwathu kuno?

Mtsikana wina wa ku Mzuzu, amene wangolemba kumene mayeso a MSCE, wanditumizira imelo yofunsa ngati n'kwanzeru kuphunzira computer forensics, luso lofufuza umboni m'makompyuta ndi m'mafoni, komanso ngati akadzamaliza adzapeza ntchito ku Malawi kuno kapena adzachita kulowera ku Joni.

Chemwali, ntchitoyi ilipo, kungoti simudzaiona kawirikawiri m'nyuzipepala ikulengezedwa ndi dzina limenelo. Imabisala m'maudindo ena: woona za chitetezo cha makompyuta ku banki, wofufuza zachinyengo ku kampani ya mafoni kumene nkhani za Airtel Money ndi Mpamba sizitha, wa IT audit ku makampani owerengera ndalama, kapena wofufuza ku polisi, ku ACB ndi ku Financial Intelligence Authority.

Kufunika kwake tinakuona bwino pa Cashgate mu 2013. Anthu ankalowetsa mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta lolipirira ndalama za boma, malipiro a katundu amene sanaperekedwe n'komwe, ndipo cheke chikangotuluka ankafufuta zomwe alembazo. Akatswiri a kampani ya ku Britain ya Baker Tilly anachita kubwera kudzafukula mapazi a akubawo, ndipo lipoti lawo la 2014 linatchula ndalama zoposa K13 biliyoni zimene zinasowa m'miyezi 6 yokha. Kuchokera nthawi imeneyo tapeza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, nthambi ya CERT yothana ndi ziopsezo za pa makompyuta ku MACRA, ndiponso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Malamulo alipo tsopano, koma manja odziwa kusonkhanitsa umboni woti khoti liulandire ndi amene akuperewera.

Pa za sukulu, musathamangire digiri yokhala ndi dzina lokoma. Yambani ndi maziko a kompyuta ku UNIMA, ku MUBAS, ku Mzuni komweko kwanu, kapena ku MUST ku Thyolo kumene kuli maphunziro a chitetezo cha makompyuta, chifukwa munthu amene sadziwa mmene Windows, Linux kapena Android zimasungira mafailo sangadziwe kumene failo yofufutidwa imatsalira. Pamene mukudikira zotsatira, tengani fulashi yakale, ikanimo zithunzi, zifufuteni, kenako muyese kuzibweza pogwiritsa ntchito FTK Imager ndi Autopsy, mapulogalamu aulere onse awiri. Masatifiketi a luso limeneli monga CHFI kapena GCFA amalipiridwa m'madola, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndi bwino kudikira kuti abwana anu adzakulipirireni.

Chimene achinyamata ambiri sachiganizira n'chakuti theka la ntchitoyi limachitikira papepala ndi m'khoti. Wofufuza sagwira ntchito pa disiki yeniyeniyo: amailumikiza kudzera pa kachipangizo kotchedwa write blocker kuti pasalembeke kanthu, amajambula kope lake lonse, n'kuwerengera hash, monga SHA-256, nambala yokhala ngati chidindo cha chala yotsimikizira kuti kopelo silikusiyana ndi gwero lake ngakhale pang'ono. Aliyense amene wagwira chipangizocho amalembedwa dzina, tsiku ndi nthawi. Ndinaonapo pa ofesi ina mlandu wooneka poyera ukufera m'mazira chifukwa mnyamata wa IT, mwa changu chake, anayatsa laputopu ya woganiziridwa n'kuyamba kutsegula mafailo, masiku a mafailowo n'kusintha, ndipo loya wa mbali inayo sanavutike n'komwe. Choncho limbikirani kulemba malipoti omveka m'Chingerezi, ndipo zolowerani kufotokoza nkhani yovuta m'mawu oti majisitireti amene sanaphunzire za makompyuta aimve.

Za ku Joni, n'zoona kuti msika wake ndi waukulu, maka ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo lamulo lawo la Cybercrimes Act la 2020 lawonjezera ntchito. University of Pretoria imadziwika ndi kafukufuku wa digital forensics, ndipo ndi malo abwino a digiri yachiwiri. Komabe kumeneko amafuna munthu amene wagwirapo kale milandu yeniyeni, kuphatikizapo chilolezo chogwirira ntchito chimene sichipezeka mosavuta. Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndagwira zaka zitatu kapena zinayi ku banki kapena ku kampani ya audit ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kenako n'kuona ngati ulendowo ukufunikabe.