Kodi “phlegmatic” n'kutamanda kapena n'kunyoza?

Funso: Abwana anga akale andilembera kalata ya umboni yofunsira ntchito, ndipo anenamo kuti ndine “phlegmatic”. Mnzanga wina akuti ndiye kuti wofatsa, wina akuti wozizira. Kalatayi ndiipereke kapena ndikapemphe ina?

Yankho: Iperekeni, mtima ukhale m'malo. Mawuwa amanena za munthu amene sachita phuma, sapsa mtima msanga, ndipo zinthu zikavuta sanjenjemera. Powatchula g azimveka, fleg-ma-tiki, ngakhale kuti mu “phlegm” g samveka.

“Phlegm” ndi makhololo. Asing'anga akale a ku Greece, kuyambira nthawi ya Hippocrates cha m'ma 400 BC, ankati m'thupi muli timadzi ta mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Sing'anga wina, Galen, atabwera pambuyo pake anakuza ganizo loti khalidwe la munthu limatengera timadzi tomwe tamuchulukira, ndipo wa makhololo ambiri ankati satekeseka. Madokotala anazitaya kalekale zimenezi, koma mawuwo anatsala.

Mnzanu woyambayo sindikugwirizana naye kwenikweni. Wofatsa ndi munthu wosayambana ndi anzake, wosakweza mawu, uja amati ngakhale kumuponda chala sabwezera. Koma wofatsa yemweyo, nyumba itagwira moto, atha kusokonezeka n'kumangozungulira pabwalo. Mawu oyenera apa ndi wodekha. Madzi a pachitsime mukawasiya mu ndowa, matope amakhala pansi, ndiye timati adekha. Taganizirani namwino usiku, abweretsa anthu ovulala pa ngozi ya minibasi, achibale akulira pakhonde. Iye akuona kaye amene akutaya magazi kwambiri, akuitana dokotala, manja osanjenjemera. Ameneyo ndiye “phlegmatic”. Kuleza mtima ndi nkhani ina, ya kudikira ndi kupirira.

Komabe wachiwiriyo sananame konse. Azungu nthawi zina amawanena mawuwa modandaula, za munthu amene ngakhale nkhani yabwino siimusangalatsa, ngakhale ya changu siimudzutsa. Chimene chimaulula ndi mawu oyandikana nawo. Ngati m'kalatamo akutchula za kugwira ntchito bwino pa nthawi yovuta, akutamandani. Akadalemba kuti mumachedwa kapena mulibe chidwi, ndikanati mukapemphe ina.

Inu mukamalembera wina kalata yotere m'Chingerezi, sankhani “calm” kapena “composed”, chifukwa amenewa sangawamve pawiri.