Zomera zamu thanki ya nsomba zafika pamwamba, ndidule bwanji?

Funso: Zikomo akulu. Ndili ndi thanki ya nsomba ya malita 120 pabalaza, kumbuyo kwa thankiyo ndinadzala zomera za Vallisneria, pakati ndinadzala Rotala, ndiye pano zatalika mpaka zagona pamwamba pa madzi, getsi silikufikanso pansi ndipo timasamba tam'munsi ta Rotala tikungoyoyoka. Ndikuopa kudula mwina ndingaziphe, nditani?
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Achimwene dulani basi osaopa, chikuyoyotsa timasambato ndi mthunzi womwewo. Kungoti ziwirizi kadulidwe kake nkosiyana.

Rotala ndi yatsinde, ili ndi mfundo ngati nzimbe, pamene pamatuluka masamba paja. Tengani sizasi yakuthwa, yoyera bwino yopanda sopo, mudule pamwamba pang'ono pa mfundo chapakati pa tsinde. Pakapita sabata kapena awiri muona timphukira tofiirira tatuluka pansi pa bala lija, nthawi zambiri tiwiri, ndiye chomera chimayamba kuwirira mmalo mongothamangira kumwamba. Nsonga mwadulazo musataye ayi, thotholani timasamba ta mfundo ziwiri zam'munsi nkuzika mumchenga ngati momwe timadzalira mbatata kumunda, mizu imatuluka yokha. Mukadula kangapo tsinde lakale limakalamba nkusanduka ndodo chabe, pamenepo zulani lonse mudzale nsonga zokhazokha, ine ndimachita choncho ndipo thanki imaoneka yatsopano.

Vallisneria ndi nkhani ina, ndipotu ndi yathu yomwe, imamera mu Nyanja ya Malawi mmalo osaya amchenga. Ilibe tsinde, tsamba lililonse limachokera pansi penipeni pamchenga, ndiye mukalidula pakati silipanga nthambi, podulapo pamangoyamba kufiira nkumawola pang'onopang'ono. Bola kutsata masamba aataliatali ndi okalamba mpaka pansi nkudulira konko, aang'ono muwasiye akule. Imayandanso ngati kapinga, timbewu tatsopano tikatulukira kutsogolo pagalasi dulani kachingwe kolumikiza kaja mukatidzale kumbuyo.

Koma chonde musamete zonse tsiku limodzi. Zomera zikachepa mwadzidzidzi kuwala kumachuluka, chakudya chammadzi nkusowa wodya, kenako ndere zobiriwira zija zimadzaza galasi lonse, zimakhumudwitsa kwabasi. Yambani ndi mbali imodzi, ina sabata yamawa. Podula zimitsani kaye fyuluta yosefa madzi kuti isameze zinyenyeswa, muziwole ndi kaneti, mukatha musinthe madzi okwana malita 30 kapena 40.

Zotsalazo muziumitse padzuwa nkutaya kudzala kapena pamanyowa, osati mungalande kapena mumtsinje. Namasupuni amene amavutitsa pa Shire uja kwawo ndi ku South America, anafalikira mmaiko ambiri anthu akumutenga ngati duwa lokongoletsera, ndipo Rotala wanuyo nayenso ndi mlendo wochokera ku Asia.