Walanti yatha, ndiye 86 yanga ndiziipititsa kuti ku sevisi?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Senga Bay. Ali ndi Toyota 86 yomwe anaigula ku Joni, walanti yake yatha, ndiye akufunsa kuti kodi azilimbanabe ndi ulendo wa ku Lilongwe kukapangitsa sevisi kwa dila kapena angoipereka kwa makaniko wa pa Kamuzu Road pompano ku Salima, poti ndalama ikuvuta komanso mafuta opitira ndi kubwerera ndi nkhani ina.

Achimwene, walanti ikatha palibenso chokumangani kwa dila. Koma chonde musaitenge 86 ngati Corolla chifukwa choti kutsogolo kuli chizindikiro cha Toyota. Injini ili m'menemo ndi ya Subaru, ya malita 2, imatchedwa FA20 ndipo ndi yomweyo ili mu Subaru BRZ yoyambirira ija. Ndi ija amati boxer, mapisitoni ake anagona cham'mbali, awiri uku awiri uku. Ndiye posaka makaniko funso loyamba ndi loti anagwirapo Subaru? Akayamba zoti injini ndi injini basi bwana, tengani kiyi wanu muzipita.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi oilo. Galimotoyi imafuna oilo wosakhuthala, wa sinthetiki wa 0W-20, pafupifupi malita 5.4 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Kuno kwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti poti Salima ndi kotentha ndiye pafunika oilo wokhuthala wa 20W-50, uja amathira m'maminibasi ndi m'malole akale, ndipo amakuuza mokoma mtima ndithu, sikuti akufuna kukubera ayi. Ine zinandichitikira pa Subaru yanga yakale, ndinaisiya pagalaja ina ndikupita kukadya, pobwera ndinapeza chigubu cha 20W-50 chili gada pansi chopanda kanthu, mnyamata akupukuta m'manja akumwetulira kuti wagwira ntchito. Mtima unandiwawa. Tinakhetsa yenseyo tsiku lomwelo ndipo ndinalipira kawiri. Injini zamakonozi zili ndi tinjira ting'onoting'ono todutsa oilo, ngakhale kachipangizo kosintha nthawi yotsegukira mavavu kamayendera mphamvu ya oiloyo, akakhuthala kwambiri amachedwa kufika kofunika makamaka mukangoliza m'mawa. Ndiye gulani nokha oilo ndi fyuluta pamalo odalirika mukapita ku Lilongwe, chigubu chikhale chomata, ndipo muime pomwepo akamathira. Fyuluta yake ili pamwamba penipeni, mukangotsegula boneti mukuiona, ntchito imeneyi makaniko wosamala wa kuno angaithe bwinobwino.

Mapulagi ndiye ayi. Ali m'mbali mwa injini pamalo opanikizika moti ambiri amachita kuikweza injiniyo pang'ono kuti dzanja lilowe, wosazolowera akhoza kupotoza mazinga ndipo pamenepo mulira. Mwayi wake ndi a iridium, amakhalitsa, mtunda wosinthira uli m'kabuku ka galimotoyo. Ntchito ya mapulagi imeneyi, pamodzi ndi chilichonse choyatsa nyali ya check engine, pitani nazo kwa dila kapena kwa katswiri amene ali ndi kompyuta yoyezera. Kuchoka Salima kufika Lilongwe pa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kupita kamodzi pachaka sikungakusaukitseni.

Fyuluta ya mpweya muziiona pafupipafupi nthawi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Buleki fuluwidi amasintha zaka 2 zilizonse ngakhale mabuleki akugwira bwino, chifukwa amayamwa chinyezi. Oilo wa mu difu kumbuyo, momwe muli magiya ogawira mphamvu ku matayala akumbuyo, amaiwalika kwambiri poti tinazolowera galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, pamene 86 imakankha ndi akumbuyo. Mu rediyeta musalole madzi a pa mjigo, mukhale kulanti yekha, madzi apadera oziziritsa injini aja.

Chinanso chomwe ndimadandaula nacho ndi petulo wa m'zigubu. Mafuta akasowa ndimadziwa mmene mtima umachitira ukaona anyamata ali nazo m'mbali mwa msewu, koma injini iyi imapanikiza kwambiri, 12.5 kwa 1, komanso ili ndi ma injector, tizipangizo topopera petulo molunjika mu silinda, petulo wosakaniza ndi zina kapena wa zinyalala siigwirizana naye. Bola iime pakhomo masiku atatu mukwere kabaza.

Ndipo poti pansi pake ndi pafupifupi masentimita 13 okha kuchoka pa msewu, mukayenda nayo pa M5 kupita ku Nkhotakota kapena mukakhula pa hampu, uzani makaniko alowe kunsi aone ngati sampu, mokhala oilo kunsi kwa injini, ikudontha ndi ngati mabushi ali bwino. Malisiti onse, ngakhale olembedwa pamanja, muziwasunga mu envulopu imodzi mutalembapo deti ndi makilomita, adzakuthandizani tsiku logulitsa. Mundilemberenso mundiuze makilomita omwe yayenda pano, tione ngati nthawi ya mapulagi yayandikira.