Za makapisozi a "mabakiteriya a m'nyanja" omwe akutsatsidwa pa Kasungu boma

Achemwali, mwafunsa ngati makapisozi omwe munthu wina akugulitsa pamsika, ati ndi ochokera ku mabakiteriya a m'nyanja yamchere, angachize mayi anu khansa ya khomo la chiberekero. Pepani ndi matendawo. Ndiyankha motalikitsa, chifukwa nkhaniyi ili ndi kachoonadi kake, ndipo n'komwe kamakopa anthu.

Mukudziwa kuterera kwa therere, kapena kwa mkati mwa mtsuko wamadzi wokhala masiku osatsukidwa? Mabakiteriya amatulutsa zoterera zangati zimenezo, timashuga tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Asayansi amati ma polysaccharide. Amadzikuta nazo kuti amatirire pamwala, komanso kuti mchere, kuzizira kapena kutentha zisawaphe. Omwe amakhala pansi penipeni pa nyanja zikuluzikulu, pomwe madzi otentha amatumphuka m'ming'alu ya miyala, amapanga mitundu yosapezeka kwina. Ofufuza a bungwe la Ifremer ku France anapeza bakiteriya wotchedwa Vibrio diabolicus pa nyongolotsi ya malo otere m'nyanja ya Pacific, ndipo zoterera zake zinathandiza fupa lobooledwa la khoswe kubwerera msanga. Bakiteriya wina ndi Alteromonas infernus. Zake zikakonzedwa m'labotale zimagwira ntchito mofanana ndi heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana omwe amachokera m'matumbo a nkhumba, ndipo zinayesedwanso pa mbewa zokhala ndi khansa ya mafupa.

Koma imvani bwino: zinayesedwa pa makoswe ndi pa mbewa, osati pa anthu. Zomwe zinafika m'masitolo kuchokera ku kafukufukuyu ndi mafuta odzola pakhungu. Sizinavomerezedwe ngati mankhwala a khansa.

Pali zinanso ziwiri zondidetsa nkhawa. Heparin weniweniyo amaperekedwa ndi jakisoni, sachita kumeza, chifukwa zinthu za mtundu umenewu sizilowa bwino m'magazi kudzera m'matumbo. Ndiye kapisozi yomezayo ikafika bwanji pa chotupa? Komanso zitakhala kuti ikugwiradi ntchito yosungunula magazi, mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amakhala akutaya kale magazi. Mungawonjezere vuto pa vuto.

Zimandiwawa chifukwa azakhali anga ku Mkanda anagulitsa soya wawo yense kugula mabotolo onga amenewa, nkusiya kupita kuchipatala miyezi ingapo. Pomwe tinkawatengera ku Lilongwe, matenda anali atafalikira kale.

Chonde mayi asaphonye tsiku lawo la kuchipatala, ndipo ngati anawatumiza ku Kamuzu Central, ndalamayo ikhale ya thiransipoti. Ngati mwagula kale botololo, pitani nalo akalione adokotala asanamwe ngakhale kamodzi. Mufunsenso wogulitsayo ngati mankhwala akewo analembetsedwa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Mukatha jambulani zolembedwa pabotolopo mutumize muno, tiwerengere limodzi zomwe zilimo.